ZA PA KHOMO PATHU: Antchito a ku Chipatala cha Agalu ndi Amphaka

Palibe mudzi m'dziko muno umene ulibe galu. Galu amatilondera usiku ife tili m'tulo, amaperekeza anyamata kuubusa, amapirikitsa anyani m'munda. Naye mphaka amasunga nkhokwe yathu kuti makoswe asatilande chimanga. Koma tsiku limene galu wamkazi waswa ana kuseri kwa khitchini, mtima wathu umaonekera poyera. Ana ena timagaŵira abale, ena amakagulitsidwa m'mbali mwa msewu padzuŵa loswa mtengo, ndipo otsala amamangidwa m'thumba nakatayidwa kudzala kapena kumtsinje. Chomvetsa chisoni nchakuti amene timamtuma kukataya thumbalo kaŵirikaŵiri amakhala mwana wathu yemwe. Kodi tinayamba taganizapo za phunziro limene mwanayo amabwera nalo pochokera kumtsinjeko?

Tiyeni tiŵerengere pamodzi. Galu wamkazi angathe kutenga bere asanakwanitse chaka chimodzi. Bere lake limatha masiku pafupifupi 63, ndipo agalu ambiri amafuna amuna kaŵiri pa chaka. Tiyerekeze kuti akuswa ana 6 nthaŵi iliyonse: ndiye kuti pa chaka chimodzi khomo limodzi latulutsa agalu 12, ndipo aakazi mwa iwo adzayamba kuswa chaka chotsatira. Mphaka ndiye amachita changu koposa, pakuti angathe kutenga bere ali ndi miyezi 4 kapena 5 yokha. Ndi banja liti limene lili ndi mkute wokwanira pakamwa ponsepa? Agalu amene asoŵa mwini ndiwo amadzaza m'misika ndi m'madzala, ali ndi njala, mphere ndi nkhupakupa, ndipo njira zimene amayenda ndi zomwezo zimene ana athu amadzera popita kusukulu.

Mwezi uno tikambe za anthu amene anadzipereka kutseka gwero la vuto limeneli. Iwo amagwira ntchito m'zipatala zofula ndi kutseka agalu ndi amphaka, zimene sizinakhazikitsidwe kuti zipange phindu. Ambiri a ife sitiwadziŵa, ndipo ena timawaseka kuti anasoŵa chochita. Komabe ndikufuna tione lero kuti ntchito yawo imafika mpaka pa mphasa imene mwana wathu amagonapo, ndiponso kuti iwo sangathe kuimaliza popanda ife.

Chipatala chosafuna phindu

Bungwe losafuna phindu si bungwe losagwiritsa ntchito ndalama ayi. Mankhwala amagulidwa, galimoto imamwa mafuta, ndipo antchito ali ndi mabanja oti awadyetse. Kusiyana kwake nkwakuti palibe mwini wake amene amatenga zotsala kuika m'thumba mwake. Ndalama iliyonse yoloŵa imabwerera ku ntchito. M'zipatala zambiri zotere, amene angathe kulipira amalipira mokwanira, ndipo ndalama zawozo pamodzi ndi mphatso za anthu akufuna kwabwino zimathandiza kuti galu wa mayi wamasiye achitidwe opaleshoni pa mtengo wochepa kapena mwaulere. Kuno kwathu tili ndi Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, imene inayamba mu 2008, ndiponso Blantyre SPCA. Mabungwe ameneŵa amagwira ntchito mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziŵeto, ndipo nthaŵi zina amanyamula zipangizo kupita nazo m'makwalala ndi m'midzi.

Mwambo umenewu ndi wakale. Mu 1824 anthu oŵerengeka anasonkhana ku London nakhazikitsa bungwe loletsa nkhanza kwa nyama, limene lero limatchedwa RSPCA. Mwa iwo munali William Wilberforce, yemwe uja anamenya nkhondo yothetsa malonda a akapolo, ndiponso Mbusa Arthur Broome, amene anakhala mlembi woyamba wa bungwelo. Ndalama zitavuta, Mbusa Broome anaponyedwa m'ndende chifukwa cha ngongole za bungwe. Pambuyo pake, mu 1917, mayi wina dzina lake Maria Dickin anatsegula kachipinda kapansi ku Whitechapel, dera la anthu osauka mu London momwemo, kuti ziŵeto za amphaŵi zizithandizidwa mwaulere. Kuyambira masiku amenewo kufikira lero, ntchito imeneyi yayenda ndi anthu ololera kutaya zawo, osayembekezera kuwomberedwa m'manja.

Kodi amachita chiyani kwenikweni?

Kufula si nkhani yachilendo kwa ife. Makolo athu akhala akufula ng'ombe ndi mbuzi kuyambira kale. Galu wamphongo kapena mphaka wamphongo amafulidwa chimodzimodzi, koma osati ndi mpeni wakukhitchini kapena mphira monga amachitira ena kumudzi, njira zimene zimazunza chiŵeto ndi kuchiphetsa ndi zilonda zonyeka. Kuchipatala chiŵeto chimayamba chagonetsedwa ndi mankhwala kotero kuti sichimva kuŵaŵa kulikonse. Kwa wamkazi ntchito imakulirapo: dokotala amang'amba pang'ono pamimba, amamanga mitsempha ya magazi, nachotsa timatumba ta mazira, kaŵirikaŵiri pamodzi ndi chiberekero, kenaka nasoka. Uku ndiko kumene anthu amati kutseka. Nthaŵi zambiri chiŵeto chimabwerera kwawo tsiku lomwelo, ndipo bala limapola pakapita masiku 10 mpaka 14.

Manja ambiri pa galu mmodzi

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Tikamva za chipatala timaganiza za dokotala yekha, koma galu mmodzi asanafike pa tebulo ndi kutsikapo amadutsa m'manja ambiri.

Oyamba ndi anyamata ogwira agalu. Agalu athu ambiri sanazoloŵere chingwe, ndipo ena salola ngakhale mwini wawo kuwakhudza. Tsono pamafunika munthu wodziŵa kuŵerenga mtima wa galu poyang'ana makutu ake, mchira wake ndi kaimidwe kake, wodziŵa nthaŵi yonyengerera ndi kachakudya ndi nthaŵi yoponya ukonde. Luso limeneli silipezeka m'buku lokha; limafuna kuleza mtima, maso akuthwa ndi miyendo yopepuka. Anyamata ameneŵa ndiwo amakhala pafupi kwambiri ndi mano, nchifukwa chake ogwira ntchito yotere amayenera kulandira katemera wa chiŵeŵe asanayambe nkomwe.

Kenaka pali mlembi wa pakhomo, amene amalandira mwini chiŵeto, nalemba m'kaundula dzina, mudzi, msinkhu wa galu ndi tsiku limene anatemeredwa. Iyeyu ndiye amayamba kukumana ndi mantha a anthu, ndipo mau ake ofatsa ndiwo amachititsa gogo wokayikakayika kusiya galu wake m'manja mwa alendo. Akachoka apo galu amafika kwa wothandiza dokotala, amene tingamutche namwino wa ziŵeto. Iye amaika galu pa sikelo, pakuti mankhwala ogonetsa amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi: akachepa galu adzadzuka ntchito ili mkati, akachuluka sadzadzukanso. Amameta ubweya pamimba, amatsuka khungu, ndipo nthaŵi yonse ya opaleshoni maso ake amakhala pa kapumidwe ka galu, kugunda kwa mtima wake ndi maonekedwe a nkhama zake. Ntchito ikatha amamfunditsa bulangete, chifukwa thupi logonetsedwa limazizira msanga, ndipo sachoka pambali pake kufikira atadzutsa mutu.

Dokotala wa ziŵeto ndiye amagwira mpeni. Iye anaphunzira zaka zambiri, ndipo akanatha kupeza ntchito ya malipiro okoma kwina. Pa tsiku lotanganidwa amaimirira kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kupendeka, akubwereza ntchito imodzimodzi pa galu ndi galu, koma osaloledwa kutayirira ngakhale kamodzi, popeza mtsempha umodzi wosamangidwa bwino ndi imfa. Galu amene wamfikira masana ndithu, wowonda ndi wodzala utitiri, amayenera kusokedwa mosamala monga anasokera galu wa bwana m'maŵa. Apa mpamene pamaonekera kukhulupirika kwenikweni, pakuti wodwala wake sangathe kudandaula kwa wina aliyense, ndiponso sangathe kunena zikomo.

Tisaiŵale wotsuka. Iye amachapa nsalu zamagazi, amakolopa pansi, amayeretsa makola, ndiponso amaphika zitsulo za opaleshoni m'chiŵiya cha nthunzi yotentha kwambiri kuti tizilombo tonse tife. Dzina lake silitchulidwa pa msonkhano, koma iye atachita ulesi tsiku limodzi lokha, luso lonse la dokotala likhoza kupita pachabe, agalu onse a tsikulo nkubwerera ndi mabala a mafinya. Ntchito yooneka yonyozeka ndiyo imene yanyamula zinzake zonse.

Palinso dalaivala amene amayendetsa chipatala chonse m'misewu yafumbi. Mphunzitsi amene amayendera masukulu kuuza ana kuti asamagende agalu, asamasokoneze galu pamene akudya kapena akuyamwitsa, ndiponso kuti akalumidwa asabise. Ndi a komiti pamodzi ndi msungichuma, amene ambiri mwa iwo salandira kanthu. Aŵa ndiwo amasoŵa tulo poganizira kumene kudzachokere ndalama za mankhwala a mwezi wamaŵa, nalemba makalata opempha thandizo, naŵerengera tambala iliyonse kuti opereka asataye chikhulupiriro. Amene anakhalapo msungichuma wa chigwirizano kapena wa komiti ya sukulu akudziŵa kulemera kwa katundu ameneyu.

Zikukhudza bwanji ana athu?

Wina anganene kuti, “Anthu akusoŵa mankhwala m'zipatala, nanga bwanji kutaya ndalama pa galu?” Funso limeneli nlomveka, ndipo yankho lake ndi liu limodzi: chiŵeŵe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti matendaŵa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo mwa anthu 10 alionse akufa nawo, 4 amakhala ana osafika zaka 15. Pafupifupi onse amawatenga kwa galu. Kachilombo kake kamakhala m'malovu, kamaloŵera pa bala, nkuyenda pang'onopang'ono m'mitsempha kufikira ku ubongo. Munthu akayamba kuonetsa zizindikiro, monga kuopa madzi ndi kubwebweta, mankhwala omchiza palibe. Mabanja ambiri aloza chala agogo osalakwa kuti ndi mfiti, pamene wolakwa anali kagalu kamene kanaluma mwana miyezi iŵiri yapitayo, bala lake nkupola, nkhani nkuiŵalika.

Izi si za kutali. Kafukufuku wa madokotala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anasindikizidwa mu 2007, anapeza kuti mwa ana 133 amene anamwalira ndi matenda ogwira ubongo, 14 anafa ndi chiŵeŵe, ndipo ena mwa iwo poyamba ankaganiziridwa kuti akudwala malungo aakulu. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma ndi Blantyre SPCA, linatemera agalu opitirira 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Magulu a antchito ankakhala pa masukulu a pulaimale kudikira agalu, kenaka nkuyenda khomo ndi khomo kufunafuna otsala, akulemba galu aliyense pa foni ya m'manja ndi kumpaka utoto pamutu. M'zaka zotsatira chiŵerengero cha ana ofika pa chipatalacho ndi chiŵeŵe chinatsika kwambiri.

Tsono timvetsetse bwino apa. Kufula kapena kutseka galu sikumteteza ku chiŵeŵe. Chimene chimamteteza ndi katemera. Koma ntchito ziŵirizi zimayenda ngati mtondo ndi munsi. Akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akatemeredwa, matenda amasoŵa njira yodumphira kuchoka kwa galu kupita kwa mnzake. Vuto nlakuti kumene agalu akuswana mosaletseka, miyezi yoŵerengeka yokha imakwana kuti mudzi udzalenso ndi tiagalu tosatemera, ndipo mpanda umene unamangidwa umagumuka. Agalu akamabadwa ochepa nkumakhala moyo wautali, katemera wa chaka chino amakhala akugwirabe ntchito chaka chamaŵa. Ambiri tikukumbukira masiku a lamulo lomanga agalu, pamene oyendayenda ankawomberedwa. Kupha kokha sikunathetse vutoli kulikonse, pakuti malo a galu wophedwa amatengedwa msanga ndi wina wosatemera, ndipo wophedwayo mwina anali wotemera kale.

Zimene anthu amanena

Ena amati galu wofula amasanduka waulesi ndipo salonderanso. Zoona zake nzakuti galu amauwa mlendo chifukwa chodziŵa khomo lake, ndipo nzeru imeneyi siichotsedwa ndi mpeni. Chimene chimachepa ndi kuyendayenda. Galu wosafula akamva fungo la wamkazi amatha masiku ali kutali, akumenyana ndi anzake, nabwera ndi mabala, khomo litakhala lopanda mlonda. Ena amati galu wamkazi ayambe waswa kamodzi kuti akhale wathanzi. Izi zilibe umboni. M'malo mwake kutseka kumamteteza ku nthenda ya mafinya m'chiberekero, imene imapha agalu aakazi ambiri, ndipo akatsekedwa adakali wamng'ono sagwidwa kaŵirikaŵiri ndi zotupa za m'maŵere. Palinso chotupa china chotuluka magazi chimene agalu amapatsirana pokwerana. Galu wofula kapena wotseka amachipeŵa. Enanso amati kutero nkulimbana ndi chilengedwe. Koma galu si nyama ya m'tchire. Ndife tinamtenga kumuika pakhomo, ndipo walira mvula walira matope. Buku la Miyambo 12:10 limaika kusamala moyo wa chiŵeto pakati pa zizindikiro za munthu wolungama. Tidzifunse tokha chimene chili chifundo: opaleshoni imodzi yosamva kuŵaŵa, kapena thumba la kumtsinje kaŵiri pa chaka?

Katundu amene amasenza

Antchito ameneŵa ali ndi zoŵaŵa zawo. Amalumidwa ndi kukandidwa. Amatukwanidwa ndi anthu oganiza kuti abwera kudzapha agalu awo. Amaona nkhanza zimene ife sitingafune kuziona: galu womangidwa ndi waya mpaka waya kuloŵa m'khosi, mphaka wothiridwa madzi otentha chifukwa chomganizira ufiti. Nthaŵi zina chiŵeto chimafika mochedwa kotero kuti chifundo chotsala ndi kuchigonetsa tulo tosadzukanso, ndipo munthu amene analoŵa ntchito chifukwa chokonda nyama ndiye amagwira jakisoniyo. Madzulo amapita kwawo atatseka agalu ambiri, koma panjira amakumana ndi ena ochuluka amene sanawafikire. Kuti munthu adzukenso m'maŵa mwake ndi kukayambiranso, pamafunika mtima wosafooka msanga. Anthu otere tiyenera kuwalemekeza monga timalemekezera azaumoyo amene amayeza ana athu ku sikelo, pakuti onseŵa akulondera khomo limodzi.

Mbali yathu makolo

Nkhanga zinapangana kusanapse. Nazi zimene banja lililonse lingathe kuchita.

Choyamba, musaŵete agalu ochuluka kuposa amene mungathe kuwadyetsa. Funsani alangizi a ziŵeto a m'dera lanu kumene mungafulitse kapena kutseketsa galu ndi mphaka wanu, ndipo mukamva kuti achipatala akubwera, laŵirirani.

Chachiŵiri, tsatirani malangizo awo. Akakuuzani kuti galu asadye usiku woti maŵa achitidwa opaleshoni, musamumvere chisoni cholakwika, pakuti akhoza kusanza ali mtulo nkutsamwa. Akabwerako mgonekeni pouma ndi paukhondo, musamlole kunyambita bala kapena kuthamanga, ndipo bala likatupa kapena kutseguka bwererani msanga. Musampatse mankhwala a anthu: panado amapha mphaka, ndipo mankhwala olera a amayi angathe kuwononga chiberekero cha galu.

Chachitatu, temeretsani galu ndi mphaka chaka ndi chaka, ndi kusunga chiphaso chake pamodzi ndi mapepala ofunika a m'nyumba.

Chachinayi, mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndi kudziŵitsa a ofesi ya ziŵeto. Musadikire kuti muone ngati adwale. Katemera woperekedwa msanga amapulumutsa. Anayamba kupulumutsa mu 1885, pamene Louis Pasteur wa ku France anabaya mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu wachiŵeŵe, mnyamatayo nkukhala ndi moyo. Ndipo musakalipire mwana amene wabwera kudzanena kuti walumidwa, chifukwa mwana woopa chikwapu amabisa bala.

Mau kwa achinyamata

Inu anyamata ndi asungwana, m'mabanja ambiri galu amamvera inu koposa atate. Ndinu amene mungathe kumgwira ndi kupita naye kokatemera, ndipo ndinu amene mungaleketse anzanu chizoloŵezi chogenda galu aliyense wodutsa. Pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiŵeŵe, ndipo maiko anapangana kuti pofika 2030 pasadzapezeke munthu wofa ndi chiŵeŵe chochokera kwa galu. Bwanji gulu lanu la achinyamata osakonza tsiku lothandiza okalamba a m'mudzi kutengera agalu awo kwa alangizi? Ndipo inu amene mumakonda sayansi, ganizirani za ntchito imeneyi. Kale wofuna udokotala wa ziŵeto ankayenera kupita kunja, koma tsopano maphunziroŵa amaperekedwa pa yunivesite ya LUANAR ku Lilongwe, ndipo gulu loyamba linamaliza mu 2019. Dziko lathu likusoŵabe madokotala ndi alangizi a ziŵeto. Musachite manyazi anzanu akamati mukuphunzira udokotala wa agalu; mwana amene sanalumidwe chifukwa cha ntchito yanu sadzakudziŵani, koma adzakula.

Oŵerenga okondedwa, antchito a ku chipatala cha agalu ndi amphaka angathe kukonza tebulo, kuphika zitsulo ndi kuyeza mankhwala, koma sangaloŵe pakhomo panu mokakamiza. Chingwe cha galu chili m'manja mwanu. Madzulo ano, mukatha kudya, khalani pansi ndi ana anu, muŵerenge ziŵeto za pakhomo panu, ndipo mufunsane kuti ndi ziti zimene zinatemeredwa ndi ziti zimene zikudikira kutsekedwa. Kenaka sankhani tsiku, ndipo mukafika kumeneko musaiŵale kupereka moni ndi kuthokoza onse, kuyambira dokotala kufikira wotsuka makola.